Kuwerengera Ulendo wa Chiphe mu Mtsinje wa Lilongwe

Nkhani iyi poyamba ingaoneke ngati ya anthu ozama ndi sukulu okhaokha, chikhalirecho ndi ya aliyense amene amamwa, kuchapa kapena kuthirira ndi madzi a mumzinda uno wa Lilongwe. Funso limene ndadza nalo ndi ili: mankhwala oopsa atati atayikire mu umodzi wa mitsinje yathu usiku wa lero, tingadziwe bwanji kumene adzakhale atafika pomacha, mphamvu imene adzafike nayo, ndi zamoyo zimene adzaphe m'njira? Masiku ano funso lotere limayankhidwa ndi masamu oyendetsedwa pa kompyuta, ndipo ndifuna kukufotokozerani mmene ntchitoyo imachitikira, pamene imathandiza, pamene imalephera, ndi gawo limene lili lanu, inu eni mudzi.

Tiyambe ndi kuudziwa mtsinje wathu. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, nusungidwa ku Malingunde m'madamu awiri a Kamuzu, loyamba lomangidwa mu 1966 ndi lachiwiri mu 1989. Kuchokera kumeneko madzi amatsegulidwa nayenda poyera m'khwawa lawo, kudutsa minda, midzi ndi madimba, kufikira pamene bungwe la Lilongwe Water Board limawapatutsira ku malo ake oyeretsera madzi ku Area 3, kufupi ndi msewu wa ku Likuni. Otsalawo amapitirira, nadutsa pansi pa mlatho wa pafupi ndi msika waukulu, nalandira Mchesi amene amatsuka mbali ya Biwi ndi Kawale, nakumana ndi Lingadzi, nalandiranso madzi a Nankhaka ochokera mbali ya Kanengo ndi Mgona, nadutsa maiwe a suweji a ku Kauma, kenaka natsikira ku Salima kumene amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Chilichonse chogwera m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yanu chayamba ulendo umenewu.

Mzinda uno udakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu 989,318; koma mitsinje yake sidakule nawo, ikadali yomwe ija imene inkamwetsa midzi yowerengeka ya makolo athu. Pamwamba pa mitsinje yomweyo tsopano pamadutsa usana ndi usiku magalimoto a mathanki onyamula petulo ndi dizilo kuchokera ku madoko a Beira ndi Dar es Salaam. Ku Kanengo kuli nkhokwe za mafuta, nyumba zosungiramo feteleza ndi mankhwala a mbewu, ndi mafakitale amitundumitundu. Ku Biwi Triangle kuli magalaja kumene oyilo wakutha ndi asidi wa m'mabatire zimasowa kotayidwa tsiku ndi tsiku. Ndipo pansi pa misewu pali mapaipi a suweji amene ena a iwo adakalamba. Sindinena izi poloza chala munthu kapena kampani, pakuti mzinda sungakhale popanda zinthu zimenezi. Ndingoti thanki iliyonse ili ndi tsiku lake lodontha, ndipo wanzeru amaliganizira tsikulo lisanafike.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 18 February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi, m'dziko la Zambia, lidagumuka, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi, malinga ndi chiwerengero chimene chidalengezedwa poyamba, adakhuthukira mu mtsinje wa Mwambashi nalowa mu Kafue. Nsomba zakufa zidaoneka makilomita 100 kumunsi, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zidapsa, mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi, ndipo boma lidachita kutumiza ndege kukamwaza laimu pamadzi kuti asidiyo aphwe ukali. Azungu nawo adaphunzira mwa njira yowawa yomweyi. Pa 1 November 1986 nyumba yosungiramo mankhwala ya kampani ya Sandoz ku Schweizerhalle, pafupi ndi Basel ku Switzerland, idapsa, ndipo madzi amene ozimitsa moto adathira adakokolola matani 20 mpaka 30 a mankhwala ophera tizilombo kulowa nawo mu Rhine; mikunga idafa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo mizinda ya ku Germany ndi Netherlands idaleka kutunga mu mtsinjewo. Maiko a m'mbali mwa Rhine, poona kuti tsiku limenelo adalephera kunena molondola ora limene chiphe chidzafike pa mzinda uliwonse, adagwirizana napanga Rhine Alarm Model, chida cha pa kompyuta chimene ntchito yake ndi kuyankha funso lomwe lija ndakufunsani.

Nzeru imene ili pansi pa masamu amenewa si yachilendo kwa ife. Makolo athu amene ankapha nsomba ndi katupe, mchitidwe umene lero ndi woletsedwa ndipo uyenera kuletsedwa ndithu, sankathira katupe mtsinje utadzaza, chifukwa ankadziwa kuti madzi ambiri amasukulutsa mankhwala; ankadikira chilimwe, madzi ataphwa, nasankha dziwe limene madzi ake amayenda pang'onopang'ono, nayerekeza ndi maso katupe wokwanira dziwe lotero, naimika anyamata kumunsi pamene ankadziwa kuti nsomba zoledzera zidzayandamira. Kuchuluka kwa mankhwala, kuchuluka kwa madzi, liwiro la madzi ndi nthawi: zinayi zomwezi ndizo zimene kompyuta imafunsa, kungoti iyo imaziwerengera pa mtsinje wonse nthawi imodzi, ndipo imatero kuti nsomba ndi anthu apulumuke.

Lolani ndiike manambala ongoyerekeza kuti muone mmene kuwerengaku kumayendera. Tinene kuti ndi mwezi wa October, ndipo pamalo ena pa mtsinje pakudutsa malita 1,000 pa sekondi iliyonse. Pa ora limodzi ndiye kuti padutsa malita 3,600,000. Makilogalamu 36 a mankhwala atadonthera pamenepo m'kati mwa ora limenelo nasakanikirana bwino ndi madzi, lita iliyonse idzanyamula mamiligalamu 10. Ngozi yomweyo itachitika mu February, madzi atachuluka ka 20, lita iliyonse idzanyamula theka la miligalamu basi. Tsono za ulendo: ngati madzi akuyenda theka la mita pa sekondi, pa ora ayenda makilomita 1.8, kotero kuti mudzi wokhala makilomita 9 kumunsi uli ndi maora 5 okonzekera. Apa mukuona kuti nyengo iliyonse ili ndi tsoka lake: dzinja limasukulutsa chiphe koma limachithamangitsa, pamene chilimwe chimachichedwetsa koma chimachifikitsa chikadali chaukali.

Masamu amenewa mwana wa Fomu 2 angawachite pa pepala. Chimene chimafunitsa kompyuta ndi chakuti mtsinje suyenda ndi liwiro limodzi. Madzi a pakati amathamanga, a m'mbali amakwawa, a m'bango ndi m'maenje a okumba mchenga amazungulira pamalo amodzi. Choncho chiphe chimene chidalowa pamodzi chimatambasuka pamene chikupita, nichikhala ndi mutu wofooka umene umafika msanga, thunthu laukali limene limatsatira, ndi mchira wautali umene ungatenge masiku kuti udutse. Katswiri wa ku England, G. I. Taylor, ndiye adalongosola masamu a kutambasuka kumeneku mu 1953 ndi 1954. Pomanga chifaniziro cha mtsinje m'kompyuta, chimene akatswiri amachitcha modelo, mtsinje umagawidwa m'zigawo zazifupi, mwina za mamita 100 chilichonse, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa kuya kwake, m'lifupi mwake ndi kutsetsereka kwake. Kenaka kompyuta imawerengera, mphindi ndi mphindi, chiphe cholowa m'chigawo, chotuluka, ndi chotsala. Imafunanso kudziwa khalidwe la mankhwalawo, pakuti sali ofanana: petulo amayandama nauluka msanga ndi dzuwa, dizilo amakhalitsa pamwamba namata m'bango, asidi amasakanikirana ndi madzi onse, mankhwala ena a mbewu amaphwanyidwa ndi dzuwa ndi tizilombo tosaoneka, pamene zitsulo monga mtovu sizivunda konse, zimangomamatira ku matope, nizimira, nizidikira chigumula cha chaka chamawa kuti chizivundule.

Kudziwa kumene chiphe chili ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kudziwa chimene chikuchita kwa zamoyo. M'nyumba zoyesera, akatswiri amaika nsomba m'madzi a mankhwala a milingo yosiyanasiyana, napeza mlingo umene umapha theka la nsombazo m'maora 96. Kompyuta imatenga nambala imeneyi niilinganiza ndi zimene yawerengera pa chigawo chilichonse cha mtsinje, poyang'ana ukali wa chiphe pamodzi ndi kutalika kwa nthawi imene chakhalapo, pakuti mlingo wochepa wokhalitsa sabata ungaphe koposa mlingo waukulu wodutsa m'mphindi khumi. Pali imfa inanso imene siidza ndi poizoni. Suweji, madzi otsukira m'malo ophera nyama, ndi zotsala za m'mafakitale a zakudya zikalowa mu mtsinje, tizilombo tovunditsa timachulukana nitimaliza mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Harold Streeter ndi Earle Phelps, pofufuza mtsinje wa Ohio ku America, adaonetsa mu 1925 kuti mpweyawo sutha pamalo pamene zonyansa zalowera, koma kumunsi, patapita maora kapena masiku. Ndiye kuti nsomba sizifera pakhomo pa wotaya, zimakafera kwa mnansi amene sadalakwe kanthu. Madzi abwino a kuno amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 7 a mpweyawu pa lita. Ukatsika kufika pa 2, matemba ndi makumba amayamba kuyasama pamwamba pa madzi nafa, koma mlamba, umene umatha kupuma mpweya wa kunja, umatsala. Chifukwa chake mnyamata akawedza mlamba mu Lingadzi, musati mtsinje uli moyo. Funsani ngati wapezamonso matemba.

Ndipo imfa ya nsomba ndi imene imaoneka chabe. Pansi pa miyala pamakhala ana a tombolombo, nkhanu, nkhono ndi mbululu, zimene sizingathawe kutali chiphe chikafika. Zikatha izi, nsomba zopulumuka zimasowa chakudya, kakowa ndi katumbu amasamuka, ndipo mphutsi za udzudzu zimatsala zopanda wozidya. Mankhwala osavunda amakwera kuchokera ku ndere kupita ku kansomba, kuchokera ku kansomba kupita ku nsomba yaikulu, nawunjikana pa sitepe iliyonse mpaka afike m'mbale ya munthu. Kumbukiraninso kuti Linthipe ndi umodzi wa mitsinje imene mpasa umakweramo kuchokera m'nyanja kukaswa. Chotayidwa ku Lilongwe m'nyengo yolakwika chingathe kukakumana ndi mazira a nsomba imene yayamba kale kusowa. Zida za pa kompyuta zowerengera zonsezi zilipo, monga WASP ndi AQUATOX za bungwe loona zachilengedwe la ku America, ndipo zimapezeka mwaulere pa intaneti.

Madzi a pansi pa nthaka ndi a m'mapaipi nawo ali ndi masamu awo. M'madera athu ambiri chitsime ndi chimbudzi zimayang'anizana pa poloti imodzi, ndipo oyilo kapena mankhwala olowa m'dothi amayenda mwakachetechete kwa miyezi asanamveke fungo m'ndowa. Pulogalamu ya MODFLOW imathandiza kuona kumene akulowera. Pulogalamu ya EPANET imatsata madzi m'mapaipi a mumzinda, niionetsa nyumba zimene zingalandire madzi oipa ngati chonyansa chalowa pa malo akuti. Amene adaona zimene zidachitika ku Area 18 mu July 2017, pamene suweji idalowa m'mapaipi a madzi akumwa nituluka pa mipopi ya m'nyumba za anthu, safunika kuuzidwa kufunika kodziwa msanga mapaipi oyenera kutseka.

Tsopano ndinene za malire a chida chimenechi, kuti pasakhale wochoka pano akuganiza kuti kompyuta ndi mneneri. Kompyuta sidziwa Mchesi; imangodziwa manambala amene munthu waiuza za Mchesi, ndipo ukaipatsa oyerekeza imakubwezera oyerekeza, ngakhale iwajambule ndi mapu okongola. Anthu a ku Rhine sadakhulupirire chida chawo mpaka atathira utoto wosapha mu mtsinje, naimika anthu pa milatho kulemba nthawi imene utotowo wafika, nakonza masamu awo kuti agwirizane ndi zimene maso adaona. Mitsinje yathu imafuna kuyesedwa kotero kawiri, m'dzinja ndi m'chilimwe, ndiponso mobwerezabwereza, chifukwa imasintha chaka ndi chaka: okumba mchenga amakuza maenje, zinyalala zimatseka makalavati, nyumba zimamangidwa m'madambo amene kale ankasefa madzi. Komanso milingo yambiri ya ukali wa mankhwala idayesedwa pa nsomba za kumaiko ozizira, kotero kuti pali ntchito yoiyesa pa makumba ndi matemba athu. Ndipo chida chopangidwira ngozi yaikulu ya tsiku limodzi sichiona msanga ngozi yaing'ono ya tsiku lililonse, ija ya chigubu cha oyilo chokhuthulidwa m'ngalande madzulo, imene pakutha pa chaka ingapose thanki yogubuduzika.

Chimene kompyuta imatipatsa, tikachinena mwachidule, ndi nthawi. Pa 9 January 2014 mankhwala otsukira malasha adadontha mu mtsinje wa Elk ku West Virginia, makilomita osakwana 3 kumtunda kwa pamene mzinda wa Charleston umatunga. Nthawi yowerengera padalibe, ndipo anthu pafupifupi 300,000 adaletsedwa kumwa kapena kusamba madzi a pa mpopi. Mzinda wa Cincinnati, umene uli kutali kumunsi pa Ohio, udali ndi masiku angapo. Akatswiri adawerengera tsiku lofika chiphe, natseka potungira pasadakhale, namwetsa anthu madzi osungidwa mpaka chidadutsa. Mitsinje ya m'madera mwathu ndi yaifupi, ndipo ife tili ngati a ku Charleston: nthawi yathu imatha m'maora ochepa. Choncho masamu athu ayenera kuchitidwa ngozi isanagwe, mlatho ndi mlatho, ngalande ndi ngalande, nyengo ndi nyengo, nalembedwa pa pepala limene wogwira ntchito ya usiku angawerenge ndi tochi. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Koma mawu amene ndifuna muwasunge koposa onse ndi awa. Kumaiko olemera chida chimenechi chimateteza malo otungira madzi a mumzinda, chifukwa pafupifupi aliyense amamwa za pa mpopi. Kuno kwathu si choncho. Mchesi, Nankhaka ndi Lingadzi amathira kumunsi kwa pamene Water Board imatunga, kotero kuti ngozi ya ku Kanengo kapena ku Biwi siingafike pa mpopi kudzera mu mtsinje, koma idzafika kwa mayi amene wagwada pa mwala kuchapa matewera, kwa mlimi wa dimba amene akutunga ndi kheni kuthirira mpiru ndi repu amene mawa lake adzakhala pa benchi ku msika wa Kawale, kwa mnyamata wokumba mchenga amene waima m'madzi mpaka m'chiuno kuyambira m'bandakucha, ndi kwa ana osambira poweruka ku sukulu. Ndipo ngozi itagwa kumtunda, mbali ya Chinsapo ndi Likuni, akuluakulu natseka potungira monga kuyenera, makiyosiki adzauma, ndipo amayi adzasenza ndowa kulunjika ku mtsinje womwewo umene wanyamula chiphe. Chifaniziro chimene sichidalembe madooko, madimba ndi zitsime za anthu osauka chasiya kunja amene ali pa ngozi yaikulu koposa. Buku Lopatulika limatiphunzitsa kuti mlonda woona tsoka likudza koma osaliza lipenga amasenza mlandu wa mwazi wa anthu ake. Chenjezo lothera pa kompyuta ya mu ofesi, losafika pa dooko, lili ndi mlandu womwewo.

Tsono pempho langa lipite kwa aliyense monga mwa udindo wake. Kwa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lokhazikitsidwa pa lamulo la zachilengedwe la 2017, ndi la National Water Resources Authority, la pa lamulo la madzi la 2013, pamodzi ndi khonsolo ya mzinda ndi Water Board: ikani zoyezera madzi pa milatho ya Lilongwe, Lingadzi, Mchesi ndi Nankhaka, ziwerengedwe tsiku ndi tsiku, ndipo lengezani nambala imodzi ya foni yoyankhidwa usana ndi usiku. Kwa aphunzitsi a ku LUANAR ku Bunda ndi sukulu zina za ukachenjede: tumizani ophunzira anu ayeze mitsinje imeneyi, pakuti pulogalamu ndi yaulere koma miyeso palibe mlendo adzatiyezere. Kwa eni mafakitale, nkhokwe ndi magalaja: lembani poyera mankhwala amene mumasunga ndi kuchuluka kwake, mangani zipupa zotchinga kuzungulira mathanki anu, ndipo chikadontha nenani ora lomwelo, chifukwa ora limene mwabisa mwalilanda kwa anthu a kumunsi. Kwa inu mafumu ndi makomiti a makiyosiki: lembani malo onse amene anthu anu amatunga, kuchapa ndi kuthirira, musankhe anthu odziwika amene adzathamange ndi uthenga, kuti tisadzakhale a mtsinje wa Tinkanena umene udathera mu Siizi.

Ndipo kwa inu nonse, amayi ndi abambo: mukaona madzi asintha mtundu, akuchita thovu lachilendo, akununkha mafuta, kapena nsomba zikuyandama, musatole nsombazo, musathirire, musalole ana kulowamo. Tungani pang'ono m'botolo loyera popanda kuviika dzanja, mulitseke, mulembe tsiku, ora ndi malo, mujambule ndi foni ngati muli nayo, ndipo muuze amfumu ndi akuluakulu a boma nthawi yomweyo. Malo ndi ora zimene inu mwalemba ndizo manambala oyamba amene kompyuta idzafuna, ndipo popanda izo katswiri alibe poyambira.